Mbale yofiira ya agogo

Agogo anga aamuna atabwerako ku Bulawayo, kumene anatha zaka zambiri akuphikira mzungu wina wa ku njanji, anafika ndi katundu amene mudzi wonse wa kwathu ku Ntcheu unkamudziwa pamtima: njinga, chijasi chakuda cholemera ngati bulangete lonyowa, ndi galamafoni ya m'kabokosi yopukusa ndi dzanja. Njinga inatha ine ndisanabadwe. Chijasi tinawaika nacho m'manda. Galamafoni ndiyo ndinakula nayo, ili pamwamba pa kabati yofunditsidwa kansalu koluka, ndipo inkatsika pa Khirisimasi kapena kukabwera mlendo woyenera kumuonetsa kuti banja lino linayendako.

Mbale zake zinkakhala m'katoni ya sopo. Zambiri zinali za kwela ndi magitala a ku Joni, zimene zikangoyamba ngakhale agogo aakazi ankaiwala kuti msana ukuwawa. Koma pansi penipeni panali imodzi yaikulu kuposa zinzake, yolemera, pakati pake pali pepala lofiira ndi chithunzi cha galu atatchera khutu pa lipenga. Imeneyo inali ya adona a m'nyumba imene agogo ankagwiramo ntchito, ndipo anawapatsa pamodzi ndi galamafoniyo banjalo litagula choimbira mbale cha magetsi. Ife ana tinkaitcha "mayi wolira". Tinkapempha kuti aiike pofuna kuseka basi. Singano ikatera pankayamba phokoso ngati la chimanga chothetheka m'phale, kenaka chapatali, ngati munthu akuimbira m'chitsime, pankatuluka timawu ta mzimayi n'kuyamba kukwera. Akafika kumwamba kwenikweni ife tinkagubuduka pa mkeka tikumuyeseza, agalu panja n'kulowerera.

Munthu mmodzi yekha sankaseka nawo: azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene ankatsogolera nyimbo m'kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu. Iwo ankakhala duu, dzanja lili pakhosi. Tikachita phokoso ankati, "Ana inu, takhalani chete. Tamverani pamene akupumira mayiyu. Mwapamva? Ine ndiye sindikupamva."

Masingano a galamafoni anali achitsulo, m'kachitini konga ka fodya wa pamphuno. Eni ake makinawo ankafuna kuti singano imodzi iimbe mbali imodzi ya mbale kenaka itayidwe. Kutaya chitsulo kumudzi? Agogo ankainola pa mwala wonolera mpeni n'kuibwezera, ndipo singano yotere imalima mizere ya mbale ngati khasu. Chaka ndi chaka chimanga chija chinkathetheka mokweza, mayi uja akunka natalikira. Mbali yachiwiri inali ndi mng'alu, singano ikafikapo inkangobwereza liwu limodzi, choncho ife tinkadziwa nyimbo imodzi yokha.

Amene anaitsiriza ndi ine. Ndili Sitandade 4, ndinaitulutsa mobisa kuti ndikaonetse anzanga galu uja. Ndinaiika pa mpando, ndipo nditamva agogo akutsokomola pakhonde ndinakhala pansi msangamsanga kuti ndioneke mwana wabwino. Ndinakhalira mbale. Mbale za masiku amenewo sizinali za pulasitiki wopindika. Ankaumba ndi utomoni wotchedwa shellac, umene tizilombo tina ta ku India timasiya pa nthambi za mitengo, n'kusakaniza ndi fumbi la miyala. Inangoti phwa, zidutswa zitatu. Za chikoti chimene chinatsatira tisakambe. Kachidutswa kokhala ndi pepala lofiira ndinakabisa kudenga mpaka kanasowa, koma zilembo zisanu zinatsalira m'mutu: GALLI.

Patapita zaka zoposa 30, usiku wina ku Lilongwe magetsi atazima, bandulo ya pa foni itatsala maola awiri kuti ithe nthawi yake, ndinalemba zilembo zisanuzo pa YouTube n'kuwonjezera liwu loti soprano. Dzina lonse linabwera lokha: Amelita Galli-Curci. Ndinayesa nyimbo ziwiri, sizinandikhudze. Yachitatu, zitoliro zitangoyamba kutsika, thupi lonse linachita tsemwe mutu usanadziwe chifukwa chake. Ndinamva ngakhale fungo la palafini la m'nyumba mwa agogo. Nyimbo imene tinkaiseka ija dzina lake ndi "Caro nome", ya mu Rigoletto, opera (sewero loimba) ya Giuseppe Verdi, ndipo ndi imodzi mwa mbale zoyamba zimene mayiyu anajambula atangofika ku America.

Galli-Curci anabadwira ku Milan pa 18 November 1882. Chimene anaphunzira kusukulu yaikulu ya nyimbo ya mumzindawo ndi piyano, ndipo anapata nayo mendulo ya golide. Pietro Mascagni, wopeka ma opera amene ankacheza ndi banja lawo, ndiye anamumva akuimba n'kumulimbikitsa kuti atsate mawu ake. Mbali yaikulu ya kuimbako anadziphunzitsa yekha, atakhala pa piyano ndi mabuku akale ophunzitsa mawu. Mu 1906 anaima pa nsanja koyamba m'katauni ka Trani, kum'mwera kwa Italy, monga Gilda wa mu Rigoletto yemweyu. Dzina la Curci analitenga kwa mwamuna wake woyamba, Luigi Curci, mu 1908. Ukwati unatha mu 1920 koma dzinalo linatsala, poti linali litadindidwa kale pa mbale zosawerengeka. Kwa zaka pafupifupi khumi anangokhala woimba woyendayenda, lero Italy, mawa Spain, kenaka South America, kumene mu 1915 anaimba ndi Enrico Caruso, woimba tenala wotchuka, ku Buenos Aires. Kutchuka kwenikweni kunamupeza ku Chicago pa 18 November 1916, tsiku limene ankakwanitsa zaka 34, akuimbanso Gilda. Anthu a kumeneko sankamudziwa n'komwe, koma m'mawa mwake dzina lake linali m'nyuzipepala zonse. Kampani ya mbale ya Victor inali itamulemba kale ntchito masabata ochepa m'mbuyomo, ndipo anajambula nayo mpaka 1930.

Mtundu wa mawu ake ndi umene amautcha coloratura soprano. Liwu loyambalo linachokera ku mawu otanthauza kupaka mitundu, kukometsera. Aliyense amene anakhalapo m'kwaya amadziwa soprano: amayi oima kutsogolo, onyamula mutu wa nyimbo. Coloratura ndi soprano wopepuka amene ntchito yake ndi kuthamanga ndi kudumpha. Pa chilembo chimodzi cha liwu amatha kudutsa masitepe khumi ndi awiri a do-re-mi, kukwera ndi kutsika, aliyense womveka payekha ngati mikanda pa ulusi. Amadontheza mawu amodzi amodzi kumwamba ngati madzi a padenga akugwera m'ndowa. Ndiye pali kunjenjemeretsa mawu pakati pa masitepe awiri oyandikana, kumene ife ana tinkati ndi nthungululu yolephereka. Kusiyana kwake n'kwakuti nthungululu imapangidwa ndi lilime, pamene uku lilime limakhala phee, chimene chimagwedezeka ndi kholingo lenilenilo. Yesani m'bafa, mudzaona kuti si masewera.

Chimene sitinkadziwa pa mkeka paja n'chakuti mayiyu sankalira ayi. Mu sewerolo, limene linaonetsedwa koyamba ku Venice mu 1851, Gilda ndi mwana wa Rigoletto, munthu wa linunda amene ntchito yake ndi kuseketsa mfumu ya ku Mantua. Bambo ake amamutsekera m'nyumba, kotuluka ndi kutchalitchi kokha. Kutchalitchi komweko ndi kumene mnyamata wina anamuona, n'kumulondola, n'kumuuza kuti iye ndi mwana wasukulu wosauka dzina lake Gualtier Maldè. Mnyamatayo atachoka, mtsikana amatsala yekha usiku akubwereza dzinalo mkamwa ngati siwiti, ndipo nyimbo yathu ndi imeneyo. Oonerera amadziwa zimene iye sakudziwa: dzinalo ndi labodza, mnyamatayo ndi mfumu ija yosaona nsalu ya akazi, ndipo kunja kwa mpanda kwaima kale anthu odzamuba. Sewero likamatha mtsikanayu amakhala ali m'thumba, atabayidwa, bambo ake akuliyesa thumba la mtembo wa mdani wawo. Nkhani yotere ikanamveka bwino lomwe kwathu ikanakhala m'chilankhulo chathu. Azakhali akanailiza maliro.

Tsopano mmene mawu amenewa analowera mu mbale ndi chimene chinandidya bandulo zambiri. Mu 1916 ndi 1917 kunalibe maikolofoni m'situdiyo. Ku Camden, mu New Jersey, kumene kunali likulu la Victor, woimba ankaima kutsogolo kwa lipenga lalikulu lotulukira pakhoma kapena pa katani. Mphamvu ya mawu ake yokha ndiyo inkagwedeza kachikopa kopyapyala kumapeto kwa lipengalo, kachikopako n'kugwedeza singano, singano n'kulemba mzere pa phula lozungulira. Panalibe chokwezera kapena chotsitsira. Akafuna kukuwa kumwamba, woimba ankabwerera m'mbuyo kuti singano isadumphe. Akafika pofewa ankaweramira pafupi mpaka mutu kutsala pang'ono kulowa m'lipenga. Oimba zida ankapanikizana kumbuyo kwake ngati m'minibasi, ena pa mipando yaitali, ena pansi, aliyense pamene chida chake chingamveke. Vayolini wamba sankamveka bwino, choncho ankagwiritsa ntchito ina yomangiriridwa kalipenga kake, yotchedwa Stroh, ndipo m'malo mwa vayolini wamkulu wa besi ankaika lipenga la tuba. Mbale yaikulu ya mainchesi 12, yozungulira pafupifupi ka 78 pa mphindi, inkanyamula mphindi zinayi ndi pang'ono. Nyimbo yotalika ankaidula kapena kuithamangitsa. Ukalakwitsa liwu limodzi panalibe zomata. Phula limenelo latayika, muyambirenso.

Lipenga limeneli linali ndi khutu lokondera. Mawu apansi kwambiri silinkawamva, ndipo timawu tapamwamba tosaoneka timene timapatsa liwu la munthu kuwala kwake, timene timasiyanitsa mawu a amayi ako ndi a mnzawo ngakhale akuimba nyimbo imodzi, tambiri tinkatayika. N'chifukwa chake amayi ambiri otchuka a nthawi imeneyo pa mbale amamveka ngati kadzidzi kapena chitoliro cha bango. Nellie Melba wa ku Australia, amene anthu omwe anamumva maso ndi maso ankamutamanda kosaleka, pa mbale zake zambiri amandimvekera wouma, ndipo ndimachita kukhulupirira mboni. Adelina Patti anajambulidwa mu 1905 kunyumba kwake ku Wales ali ndi zaka 62, mawu atayamba kale kupita. Luisa Tetrazzini yekha ndiye amabowola lipenga ndi mphamvu. Akadumphira kumwamba umachita kudzidzimuka ngati wina wakuwaza madzi ozizira, ndipo ndimamukonda tsiku limene ndatopa. Galli-Curci ndi wina. Mawu ake sanali aakulu. Anali ofewa, osalala kuchokera pansi mpaka pamwamba, opanda msoko, ndipo mawu otere ndi amene singano inkawalemba mosavutika. Makina osaukawo anamukomera mtima kuposa anzake.

Ndinabwerera kwa iye pofuna zodumphadumpha zija, koma chimene chinandigwira ndi poyambira penipeni pa nyimbo, pamene palibe chodabwitsa chilichonse. Verdi analemba kuti mawu azitsika sitepe imodzi imodzi, ngati mwana akuphunzira do-re-mi chobwerera, ndipo pakati pa chilembo ndi chinzake anaikapo kampata. Woimba wosasamala amadula pamenepo ngati akudula nkhuni. Galli-Curci amasiya kampatako koma ulusi osaduka. Umamva ngati mawu angobisala kuseri kwa mtengo n'kutulukira mbali inayo. Sathamanga. Pali kaulesi kena kokoma m'kaimbidwe kake, konga ka mtsikana amene akusinja koma maganizo ali kwina. Chakumapeto zida zonse zimaleka n'kumusiya yekha, iye ndi phokoso la mbale basi, ndipo amakwera mosaonetsa kuti akukwera phiri. Pamenepa ndi pamene ena amamunena kuti ndi wozizira, kuti Gilda wake alibe magazi, ndipo n'zoona kuti mukafuna munthu wong'amba mtima mupite kwa Maria Callas, amene anadza zaka makumi atatu pambuyo pake n'kuimba nyimbo zomwezi ngati nkhani ya moyo ndi imfa. Ine sindikangana nawo. Kungoti mtsikana amene akunong'oneza dzina labodza usiku sadziwa kuti pali choopsa, ndipo kusadziwa kumeneko ndimakumva bwino mwa mayi wa pa mbale yofiira.

Phokoso lija nalonso ndinasiya kulimbana nalo. Pa intaneti pali anthu amene amatsuka mbale zakalezi ndi kompyuta mpaka chimanga chonse chitazima, koma pochotsa phokoso amachotsanso khungu la mawu, n'kutsala chinthu chonga chikuimbira m'botolo. Ndimasankha zosatsukidwa kwambiri. Khutu limachita zimene limachita mvula ikamagwa pa malata inu mukucheza: mphindi yoyamba mumamva mvula, kenaka mumangomva mnzanu. Chinanso chofunika kusamala ndi liwiro. Nambala ya 78 ija inali yongoyerekeza, mbale zina ankazijambula mochedwerapo, zina mofulumirirapo, ndipo woika pa intaneti akazunguza molakwika, mayi wamkulu amasanduka kamwana kolira m'mphuno. Galamafoni ya agogo inali ndi vuto lomweli mwa njira yake: sipuling'i ikayamba kutha mphamvu mayi uja ankatsika n'kusanduka bambo, mpaka wina athamange kukapukusa.

Pali tsiku limodzi limene ndimalibwerera kawirikawiri, 25 January 1917. Patangotha miyezi iwiri chitchukire ku Chicago, Victor inamuimika pa lipenga limodzi ndi Caruso, Giuseppe De Luca, Marcel Journet ndi ena, najambula nyimbo ya anthu asanu ndi mmodzi ya mu Lucia di Lammermoor ya Gaetano Donizetti, komanso ya anthu anayi ya mu Rigoletto. Taganizani anthu asanu ndi mmodzi akulimbirana kamwa la lipenga limodzi, pakati pawo pali Caruso amene mawu ake anali ngati ng'ombe yamphongo. Mungayembekeze kuti kamayi kathu kamira. Koma ayi, kali pamwamba pa onse, kowonda ngati ulusi wa kangaude, ndipo khutu limakatsata kokha. Amene anaimbapo m'kwaya amadziwa kuti womveka si wokuwa. Caruso anamwalira mu 1921 osaimbapo pa maikolofoni.

Maikolofoni inafika m'masitudiyo mu 1925. Zida zinayamba kumveka ngati zida, besi inabwerera, oimba anasiya kuvina chammbuyo ndi chamtsogolo. Panthawiyi Galli-Curci anali pa nsonga ya kutchuka: kuyambira November 1921 ankaimba ku Metropolitan Opera ku New York, kumene anayamba ndi La traviata pamodzi ndi Beniamino Gigli, ndipo anali atakwatiwa ndi Homer Samuels, amene ankamuimbira piyano. Mu 1927 anajambulanso nyimbo ya anthu asanu ndi mmodzi ija, tsopano ndi Gigli, De Luca ndi Ezio Pinza. Ikani ziwirizi motsatizana. Yachiwiri imamveka bwino, palibe wotsutsa. Koma khutu latsopanolo linalibe chifundo cha lipenga. M'mbale zake za zaka zimenezi kukoma kwa mawu kulipobe, makamaka akamaimba awiri ndi Tito Schipa, amene anali wofatsa ngati iye, koma kumwamba kwayamba kufuna khama, ndipo apa ndi apo liwu limakhala pansi pang'ono pa malo ake, kachidutswa chabe, konga chitseko chosafika pa loko. Olemba nyuzipepala a nthawiyo ankadandaula za chimenechi. Mu 1930 anatsanzika pa nsanja ya opera n'kutsala ndi makonsati.

M'khosi mwake munali chithokomiro. Chinakula pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, chikukankha njira ya mpweya, iye akuimba choncho. Mu 1935 anachitidwa opaleshoni ku Chicago ndi dokotala Arnold Kegel. Sanamugoneke tulo; anangopha malo ocheka okha, kuti pakati pa ntchitoyo azitha kutulutsa mawu madokotala n'kumamva ngati zonse zili bwino. Mu November 1936 anabwerera pa nsanja ku Chicago monga Mimì wa mu La bohème. Anthu anamulandira ndi m'manja, koma mawu aja sanabwere nawo. Sanaimbenso opera, ndipo posakhalitsa anasiyiratu. Anakhala zaka zake zotsala ku California mpaka anamwalira ku La Jolla pa 26 November 1963.

Nditawerenga liwu loti chithokomiro ndinaika foni pansi. Dzanja la azakhali lija linkakhala pakhosi pa chifukwa. Nawonso anali nacho, monga amayi angapo a m'mudzi mwathu masiku amenewo mchere wa ayodini usanafale. Ankachibisa ndi mpango womanga mwaluso mpaka anthu ankayesa ndi fasho. Chitakula mpaka kuwalepheretsa kugona chagada, anapita kuchipatala china chachikulu n'kukachotsa. Anabwerako bwinobwino, chipsera chaching'ono ngati mkanda, kulankhula ngati kale. Koma Lamulungu loyamba kubwerera m'kwaya, atatsegula pakamwa kuti ayambitse nyimbo, pamwamba panalibe kanthu. Mpweya wokha. Anayesa miyezi ingapo, kenaka anasamukira mzere wachiwiri kwa a alto, ndipo nyimbo anayamba kuyambitsa mtsikana wina amene iwo omwe anamuphunzitsa. Pakhomo tonse tinagamula mlandu: madokotala anawadula mawu.

Nkhani ya Galli-Curci inkaoneka ngati ikutivomereza. Pafupi ndi chithokomiro pamadutsa kamtsempha kowonda kamene kamalamula kanyama kokoka zingwe za mawu kuti zikungike, monga momwe umakungira waya wa gitala kuti alire mokweza. Kamtsempha kameneka kakavulala munthu amalankhula pafupifupi ngati kale, koma mawu apamwamba amapita. Madokotala ambiri amakatchula kuti mtsempha wa Galli-Curci, ndipo kwa zaka zambiri ophunzira udokotala akhala akuuzidwa nkhani yake ngati chenjezo: samala mpeni, kuno kunathera woimba wamkulu. Koma mu 2001 madokotala awiri, Crookes ndi Recabaren, anabwerera ku zolembedwa za nthawi imeneyo n'kulemba m'magazini ya Annals of Surgery kuti umboni woti mpeni ndiwo unapha mawuwo ndi wofooka. Kandimverere anakanena za m'maluwa: nkhaniyo inkangopatsiranidwa kuchoka m'buku kupita m'buku. Mayiyu pochitidwa opaleshoni anali ndi zaka 52, anali atachoka kale mu opera zaka zisanu m'mbuyomo, ndipo kutsika kwa mawu ake kunayamba mpeni usanayandikire.

Mbale zija zikugwirizana ndi madokotala awiriwa, ndipo izi n'zimene zimandisowetsa mtendere. Ukamvera motsatira zaka, kuyambira 1917 mpaka 1930, sumva tsiku limene chinachake chinaduka. Umamva munthu akukula, khosi likudzaza, mpweya ukufupika pang'ono, luso likuphimba pamene mphamvu yachepa. Ife timakonda nkhani yokhala ndi mpeni ndi tsiku, chifukwa imatipatsa woloza chala. Za azakhali ndinayamba kukumbukira zimene pakhomo sitinkazitchula: kuti zaka ziwiri opaleshoni isanachitike ankayambitsa nyimbo motsikirapo, a tenala n'kumadandaula kuti akukwiriridwa, kuti ankapuma pakati pa mzere pamene kale sankapumapo, kuti pobwera kokwaya ankakhala pakhonde osalankhula. Mwina mpeni unamaliza chimene chinayamba kale, mwina unangopezeka pamalopo. Galli-Curci ali ndi mbale zoti munthu n'kuziika pa sikelo. Mawu a azakhali a masiku amenewo palibe anawajambula, ngakhale pa kaseti. Atsala m'makutu mwa ife amene tinkakhala pansi kutsogolo m'tchalitchi, ndipo aliyense wa ife amawakumbukira mokomera mbali yake.

Mwezi wa August chaka chatha ndinapita kumudzi ndi kasipika kam'thumba. Azakhali tsopano ndi okalamba, maso achita chifunga, koma makutu ndi akuthwa kuposa anga. Mdzukulu wawo wina wa ku sekondale anali pomwepo akusenda mbatata, ndipo atamva zitoliro anafunsa ngati alipo munthu wakuda amene amaimba zoterezi. Ndinamuuza za Pretty Yende, wobadwira ku Piet Retief ku South Africa, amene waimba Lucia yemweyu m'nyumba zikuluzikulu za opera ku Ulaya ndi ku New York. Anati adzamufufuza akapeza bandulo, n'kupitiriza kusenda.

Azakhali sanafunse kanthu. Chimanga chitayamba kuthetheka anatembenuza mutu.

"Iwe, si mbale ya abambo imeneyi? Ija unaikhalira?"

"Ndi yomweyo, azakhali."

"Waimata bwanji?"

Ndinayamba kufotokoza za intaneti koma anandiletsa ndi dzanja, poti mayi uja anali atayamba. Anamvera yonse osagwedezeka. Itatha ndinawauza za chithokomiro, za opaleshoni ya ku Chicago, za kubwerera kumene sikunatheke. Ndinkayembekeza kuti anena za iwo eni. Anangoti, "Anali ndi ana?" Ndinati ayi. Anapukusa mutu, kenaka anati ndiibwereze, koma ndikweze pang'ono ndipo mwana uyo asiye kugogoda mpeni pa beseni.

Ulendo wachiwiri anaweramira pa kasipika, khutu pafupi ngati galu wa pa pepala lofiira uja. Chapakati pa nyimbo, pamalo pamene ine ndadutsapo kosawerengeka osamva kanthu, anakweza chala.

"Apo. Wapuma apo. Kampweya kakang'ono, wakaba. Bwezera m'mbuyo umve."

Ndinabwezera. Ndinamva chimanga chokha.

"Bwezeranso," anatero azakhali.